Kwa Achimwene Anga, Msilikali Amene Akutchedwa Kazitape

Achimwene,

  

Kalata iyi ndailemba poyera kuti ndi ena omwe aiwerenge, koma mtima wanu ukhale m'malo. Dzina lanu mulibe, la mnzanu uja mulibe, ndipo baraki imene mukugwirako ntchito sinditchula. Chandigwiritsa cholembera ndi mawu amene munatsiriza nawo pa foni paja. Munati, "Mlongo, anzanga akuti ndinamupereka, ndipo nthawi zina ndimaona ngati akunena zoona." Yankho langa nali: simunamupereke. Munthu uja ali moyo chifukwa cha inu, ndipo zimene munachitazo n'zoyenera kuwerengedwa pa perete, gulu lonse litaima njo, monga amawerengera za msilikali amene wanyamula mnzake pakati pa zipolopolo.

Ndikukumbutseni zimene munandiuza, chifukwa inuyo mumazinena mopeputsa. Mnzanuyo anali munthu wa nthabwala, katswiri pa bawo, wosachedwa kuseka. Kenaka anayamba kukhala payekha. Bawo anasiya. Mowa ankamwa osati wachisangalalo koma wosakira tulo. Sabata imeneyo anabweza tingongole tonse ta kukantini, nsapato zake zatsopano anapatsa mnyamata wina wongolowa kumene ntchito, ndipo inu anakuuzani uku akuseka kuti, "Udzandionere ana anga, wamva?" Ena anamva nthabwala. Inu munamva kutsanzika. Mutayang'ana pa ndandanda wa ulonda, munapeza kuti usiku womwewo ndiye anali pa geti la kumbuyo, yekha, mfuti ili m'manja.

Munapita komweko osatumidwa. Simunazungulire nkhani. Munamufunsa maso ndi maso kuti, "Kodi ukuganiza zodzipha?" Anakhala duu kwa nthawi yaitali, kenaka anagwedeza mutu kuvomera. Munamupempha mfuti, anakana. Munamupempha zipolopolo, anazitulutsa n'kukupatsani. Munatumiza uthenga kwa sajeni kuti abweretse wina pa ulondapo, inu n'kukhala naye pa benchi mpaka kunja kunayera, iye akukhuthula za wakatapila amene anamugwira khadi la kubanki, za mkazi amene anapita kwawo ndi ana, za nkhope ya mnzake amene anafera m'manja mwake ku Congo. Simunamulalikire, simunamukalipire. Kutacha munamuperekeza kwa abusa a asilikali, kuchoka uko kuchipatala, ndipo simunasunthe mpaka adokotala atamulandira.

Lero sakupatsani moni. Kukantini ena akuti ndinu kazitape, mwamuonongera mnzanu mbiri, nyota sadzazionanso. Akuluakulu sananene kanthu, kaya kabwino kaya koipa. Ndiye mwatsala nokha ndi funso lanu.

Dzina la Chancy Chitete mukulidziwa kuposa ine. Pa 14 Novembala 2018, asilikali a Malawi ndi a Tanzania a m'gulu losungitsa mtendere la United Nations anali kulimbana ndi zigawenga za ADF kufupi ndi Beni, kum'mawa kwa Congo. Chitete anaona msilikali wa ku Tanzania, Kopolo Ali Khamis Omary, atavulala pamalo oonekera, adani akuomberabe. Anapita komweko, anamukokera pobisalika, ndipo ali mkati momuthandiza mabala, chipolopolo chinamupeza iyeyo. Omary anachira. Chitete anabwera kwawo m'bokosi. Mu Meyi 2019, ku New York, mlembi wamkulu wa United Nations, António Guterres, anapereka kwa banja lake mendulo ya Captain Mbaye Diagne, ulemu waukulu koposa umene bungweli limapereka kwa osungitsa mtendere olimba mtima. Mwini dzina la menduloyo anali msilikali wa ku Senegal amene anapulumutsa anthu ambiri ku Rwanda mu 1994, mpaka naye anaphedwa komweko. Chiikhazikitsireni menduloyi mu 2014, tikachotsa banja la Diagne mwiniwake, woyamba kuilandira anali Mmalawi ameneyu.

Taonani chimene dziko lonse lapansi linamuyamikira Chitete. Sanamupatse mendulo powerenga adani amene anagwetsa. Anamupatsa chifukwa anakana kusiya mnzake pamalo a imfa. Sindikuti inu ndi iye n'chimodzimodzi. Iye anapereka moyo, ndipo ndikudziwa kuti mungakhale woyamba kunditsutsa nditati ndikulinganizeni. Koma lamulo limene linamudzutsa iye pamene anabisala ndi lomwelo limene linakudzutsani inu pa bedi, lamulo limene anakukhomerani m'mutu kuyambira ku maphunziro a usilikali ku Salima: msilikali sasiya mnzake. Mnzanuyo naye anali atavulala, atagona poonekera, kungoti bala lake silinkatuluka magazi. Ndipo munthu woyandikira mnzake amene maganizo amuthawa, usiku, mfuti yodzaza ili m'manja, sadziwa ngati abwerako wamoyo. Ngati kumeneko si kulimba mtima, andiuze kuti ndi chiyani.

Ife a kunja kwa mpanda timaona yunifolomu yosita ndi nsapato zonyezimira. Zimene mwasenza sitiziona. Kuyambira 2013 asilikali athu akhala akupita kum'mawa kwa Congo, m'gulu lija lopatsidwa mphamvu zomenya nkhondo, limodzi ndi a Tanzania ndi a South Africa. Pa nkhondo yomwe ija imene inatenga Chitete, Amalawi 6 anatsikira kulichete. Mu Januwale 2025 ena atatu anafa polimbana ndi zigawenga za M23 cha ku Goma. Kuno kwathu, mu Marichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula mapiri, ndinu amene munkafukula mitembo m'matope ku Chilobwe ndi m'midzi ya ku Mulanje ndi Phalombe, ina mwa iyo ya ana aang'ono. Munthu akachoka kumalo ngati amenewo, abale timamulandira ndi mndandanda m'manja: malata, fizi, feteleza, chikole cha mphwake. Pakamwa pathu pamangokhala "ndalama za ku Congo". Zikatha, wakatapila amakhala akudikira kuseri kwa mpanda. Wofunsa kuti, "Kodi usiku mukugona?" amasowa.

Apolisi akamatulutsa chiwerengero cha anthu odzipha m'dziko muno, chaka ndi chaka amuna ndiwo amachuluka kutalitali, ndipo zifukwa zimene amatchula kawirikawiri ndi ngongole ndi mavuto a m'banja. Mwana wamwamuna timamuuza akali wamng'ono kuti mwamuna salira. Akavala yunifolomu, mawu omwewo amasanduka lamulo. Onjezerani pamenepo kuti kwa zaka zambirimbiri ndime 229 ya malamulo athu a milandu inkaona munthu woyesa kudzipha ngati wolakwa woyenera kukaonekera kukhoti. Onjezeraninso mwambo wa m'madera ena, woti wodzipha salowetsedwa m'nyumba, mpingo suimba pa maliro ake, ndipo mtengo umadulidwa kuti pasatsale chikumbutso. Munthu wokula ndi zonsezi akaona mnzake ali pa mavuto otere, chimene chimamubwerera msanga ndi kumubisa. Amaona ngati kubisako ndiko chikondi.

N'chifukwa chake anzanu a kukantini aja sindikuwada. Si anthu oipa. Akuteteza mnzawo m'njira yokhayo imene akuidziwa. Vuto n'loti njira imeneyo imathera kumanda. Ndipo sangaisiye chifukwa cha kalata ya mlongo wa munthu. Msilikali amadziwa chimene chili chofunika poona zimene zimawerengedwa pa perete. Wowombera molunjika amatchulidwa, wothamanga kwambiri amalandira chikho, woyeretsa mfuti bwino amayamikiridwa. Mnyamata wongolowa kumene ntchito amaona zonsezi n'kudziwa koyenda. Akaona kuti amene anakhala pa benchi ndi mnzake usiku wonse wangotsala ndi dzina la ukazitape, mukuganiza kuti tsiku lake likadzafika adzadzuka pa bedi? Adzafunda bulangete n'kunena kuti si nkhani yanga. Apa ndiye pagona nkhani ya kuyamika. Mendulo kapena kalata yoyamikira si yokometsera chifuwa chanu, achimwene. Ndi chilengezo kwa gulu lonse kuti wochita zimenezi wachita ntchito ya usilikali.

Mayiko ena anafika pozindikira zimenezi atalira maliro ambiri. Mu 2012 asilikali a America 349 anadzipha, kuposa amene anafera pa nkhondo ku Afghanistan chaka chimenecho. Mpaka zaka zaposachedwapa, tikaphatikiza magulu awo onse, amataya asilikali pafupifupi 500 pachaka mwa njira imeneyi. Gulu lawo la asilikali apamtunda limaphunzitsa msilikali aliyense mfundo zitatu zimene amazitchula kuti ACE: mufunse mnzako mosabisa mawu, umusamale pomumvetsera ndi kumuchotsera chimene angadzipweteke nacho, umuperekeze kwa othandiza osamusiya yekha. Inu munachita zitatu zonsezi popanda wokuphunzitsani. Kumeneko ali ndi mendulo yakalekale, Soldier's Medal, imene inakhazikitsidwa mu 1926, ya msilikali amene waika moyo wake pachiswe populumutsa munthu kunja kwa nkhondo. Ndipo asilikali angapo amene analetsa anzawo kudzipha alandirapo mamendulo a ntchito yotamandika, monga Army Achievement Medal, pamaso pa anzawo.

Anachitanso china. Mu 2018 mnyamata wina wa gulu lawo la pamadzi, Brandon Caserta, anadzipha ku Norfolk. Makolo ake sanangolira n'kukhala pansi. Analimbana mpaka mu Disembala 2021 kunasainidwa lamulo lotchedwa Brandon Act, lomwe limalola msilikali kupempha kuti akaonedwe ndi adokotala a za maganizo, mkulu wake n'kumutumiza mwachinsinsi, popanda kumuumiriza kuti afotokoze chifukwa. Kuyambira Julaye 2022, msilikali wa kumeneko kapena amene anapuma usilikali akaimba 988 n'kudina 1, amapeza munthu womumvetsera usana ndi usiku. Ngakhale zili choncho, maliro sanathe kumeneko. Mendulo payokha sichiritsa munthu. Koma anavomereza chinthu chimodzi chimene ifenso tiyenera kuvomereza: woyamba kuona kuti msilikali akumira si dokotala kapena mkulu wa gulu, ndi mnzake wa bedi loyandikana.

Munandiuzanso kuti wina anakuuzani kuti mwangotaya nthawi, munthu akafuna kufa amafa ndithu, mukamuletsa lero mawa apeza njira ina. Zimenezo anthu amanena kwambiri, koma ofufuza anapeza zosiyana. Mu 1978 Richard Seiden anatsatira mbiri ya anthu 515 amene anagwidwa akufuna kudziponya pa mlatho wa Golden Gate ku San Francisco. Patapita zaka zoposa 20, anthu 94 mwa 100 aliwonse anali akadali moyo kapena anali atamwalira imfa yachilengedwe. Maganizo ofuna kudzipha amabwera mwamphamvu, koma nthawi zambiri sakhalitsa pa msinkhu umenewo. Chofunika n'choti munthu adutse maola oopsawo chida chisali pafupi. Ku Israel, mu 2006, akuluakulu a asilikali analetsa anyamata awo kupita ndi mfuti kunyumba pa mapeto a sabata, ndipo chiwerengero cha odzipha chinatsika ndi pafupifupi 40 peresenti. Zipolopolo zimene munaika m'thumba mwanu usiku uja zinali nkhani yomweyo. Funso lanu lija nalonso musalidandaule. Ofufuza aona kuti kufunsa munthu mwachindunji ngati akuganiza zodzipha sikumudzala maganizowo. Kawirikawiri kumamupeputsa, chifukwa wapeza woti amuuze.

Komabe nkhani ya kuyamika ili ndi minga yake, ndipo inuyo ndinu amene munaloza munga woyamba. Munati, "Akanditchula ine, amutchulanso iyeyo." Zoona. Pa baraki palibe chinsinsi. Akaima mkulu n'kunena kuti uje anapulumutsa mnzake pa geti la kumbuyo usiku wakutiwakuti, ngakhale ana a m'makomboni adziwa kuti akunena yani. Ulemu wa mmodzi usasanduke manyazi a wina. Munga wachiwiri ndi woti pakakhala mphoto, pamapezeka ena othamangira kukanena anzawo pa zinthu zosamveka kuti aoneke akhama. Wachitatu ndiwo umandiwawa kwambiri: alipo asilikali amene anayesetsa, anafunsa, anaperekeza, koma mnzawo anapitabe. Alipo ena amene sanaone chizindikiro chilichonse. Tikamayamika wopulumutsa mosasamala, tikhala ngati tikuuza amenewa kuti imfa ija inali mlandu wawo, pomwe ali kale ndi katundu wolemera.

Minga imeneyi si chifukwa chokhalira chete. Ndi chifukwa choyendera mosamala. Kwa akuluakulu a asilikali amene angawerenge kalata iyi, pempho langa ndi ili. Yamikani chimene munthu wachita, osati zotsatira zake zokha: amene anafunsa, anachotsa chida, anakhala naye ndi kumuperekeza wachita ntchito yake yonse, kaya zinatha bwanji. Zilembedwe mu failo yake, ndipo ziwerengedwe pa nthawi yokweza nyota monga zimawerengedwera ntchito zina zotamandika. Powerenga pa perete, musatchule tsiku, malo kapena dzina la wopulumutsidwayo, ndipo muyambe mwamufunsa mwiniwake ngati wavomera. Akakana, kalata ipatsidwe mu ofesi chitseko chili chotseka. Mukhoza kudikira kuti papite miyezi, n'kuyamikira angapo pamodzi, mwina pa 10 Seputembala, tsiku limene dziko lonse lapansi limakumbukira za kupewa kudzipha. Umboni uchokere kwa abusa kapena adokotala amene anamulandira munthuyo, kuti othamangira mphoto asapeze mpata.

Koma chachikulu pa zonse n'chakuti wopulumutsidwayo asalangidwe. Akachira abwerere pa ntchito yake, apite ku makosi monga anzake, nyota zake zibwere pa nthawi yake. Msilikali wothyoka mwendo pa maphunziro sachotsedwa pa mndandanda wa okwezedwa mpaka kalekale, amachira n'kupitiriza. Tsiku limene anzanu a kukantini adzaone mnzanuyo atavala nyota yatsopano ndi tsiku limene dzina la kazitape lidzafe lokha. Popanda zimenezi, mendulo ili yonse imene angakupatseni idzaoneka ngati malipiro a kupereka mnzanu, ndipo mudzakhala ndi chifukwa choikanira.

Mwezi wa Novembala uliwonse timavala maluwa ofiira aja, akuluakulu n'kukaika nkhata pa chipilala cha asilikali a King's African Rifles ku Zomba. N'zoyenera. Amene anafera dziko sitingawaiwale. Koma dziko limene limadziwa kulemekeza asilikali ake akafa lingaphunzirenso kulemekeza amene anachititsa kuti maliro ena asachitike. Ana a mnzanu uja akadali ndi bambo. Mayi ake sanafunde chitenje cha maliro. Zimenezi sizilembedwa pa chipilala, n'chifukwa chake zikufunika wina azilembe penapake.

Tsopano za inuyo. Mnzanuyo akukukwiyirani chifukwa mwamuona ali pa malo amene mwamuna safuna kuonedwa. Mkwiyo umenewo ndi manyazi ovala yunifolomu. Musamuumirize kuti akuthokozeni, ndipo musadikire kuti ayambe ndiye. Mpatseni moni ngakhale asayankhe. Tengani bawo mukakhale pafupi naye. Masabata oyamba munthu akangotuluka m'chipatala ndi oopsa kwambiri, choncho musamuone ngati wachira chifukwa wayamba kuseka. Mufunseni ngati akupitabe kukaonana ndi adokotala. Nkhani ya wakatapila ija isangosiyidwa choncho. Pezani wamkulu mmodzi wokhulupirika amene angathandize kuti khadi lija libwerere ndipo ngongole ibwezedwe mwa dongosolo, chifukwa mankhwala sangagwire bwino ntchito munthu akamalandira malipiro opanda kanthu mwezi ndi mwezi. Ngati pangafunike thandizo loposa la pa baraki, kuli chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba, kuli St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo m'zipatala za m'maboma mumapezeka anamwino ophunzira za matendawa. Kupita kumeneko si misala. Koma musasenze nokha. Uzani abusa aja kuti mugawane masiku omuyendera.

Ndipo inuyo, achimwene, alamu anandinong'oneza kuti chichitikireni zija mumadzuka pakati pa usiku n'kukakhala pa khonde. Munali ku Congo komweko, munali m'matope a Freddy momwemo, ndipo usiku umodzi munamva zinthu zimene munthu sangangozitaya ngati madzi osamba. Funso limene munamufunsa mnzanu ndidzakufunsani inunso tikadzakumana, ndipo ndidzafuna yankho loona. Musadikire kuti ndifike. Khomo la abusa ndi la adokotala limene munamugogodera mnzanu lija ndi lanunso.

Mwina mukudabwa kuti bwanji ndalimbikira chonchi za mendulo pomwe inu eni ake simukuifuna. Ndikuuzani chilungamo. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ine ndili kuno kumudzi, kutali ndi mpanda wanu. Tsiku loipa likadzakufikani, sindidzaona kuti mwasiya bawo kapena mwagawa nsapato. Adzaone ndi mnyamata wina wa bedi loyandikana nanu. Ndikufuna mnyamata ameneyo adzakhale ataonapo ndi maso ake munthu akuyamikiridwa pa perete chifukwa chodzuka usiku n'kupita pa geti la kumbuyo, kuti naye asadzaganize kawiri. Choncho akadzakuitanani kuti mulandire ulemu umenewu, mnzanu uja atavomera, musadzakane. Mudzapite, mudzaime njo, anyamata aone.

Mayi akuti mupereke moni kwa alamu ndi adzukulu awo, ndipo akufunsa kuti tchuthi chanu ndi liti.

Ndatha ine mlongo wanu wokukondani.